Munda wochepa, ganyu ndi katapila: chifukwa chiyani umphawi suchoka pakhomo?

Pakapita zaka zingapo, a National Statistical Office ku Zomba amatumiza anthu m'makomo kukafunsa zomwe mabanja amadya, amagula, amalima ndiponso katundu yemwe ali naye. Kafukufuku wa 2004/05 adapeza kuti Amalawi 52.4 mwa 100 alionse ndi osauka. Mu 2010/11 adali 50.7, mu 2016/17 adakwera pang'ono kufika 51.5, ndipo mu 2019/20 adabwerera pa 50.7 pomwe paja. Maboma adasinthana, makuponi a feteleza adagawidwa, mabungwe adadzaza m'midzi ndi zikwangwani zawo, koma theka la mtundu lidakhalabe pansi. Ndipo poti anthu adachuluka kuchoka pa 13.1 miliyoni mu 2008 kufika pa 17.6 miliyoni mu 2018, osaukawo tikawawerenga mmodzimmodzi adawonjezereka.

Muyezo wake suli wapamwamba ayi. Mu 2019/20 munthu ankatchedwa wosauka ngati zonse zomwe amagwiritsa ntchito pa chaka, chakudya, sopo, zovala, mayendedwe, sizinkafika K165,879, kutanthauza pafupifupi K454 pa tsiku. Yemwe sankafika ngakhale K101,293, ndalama ya chakudya chokha, adali wosaukitsitsa, ndipo oterewa adali 20.5 mwa 100 alionse. Kumudzi osauka adali 56.6, m'tauni 19.2.

Chomwe manambalawa amabisa n'chakuti theka lija si anthu omwewomwewo chaka ndi chaka. Banja lina limatuluka chifukwa soya wayenda bwino, lina limagwa chifukwa bambo wadwala miyezi iwiri nthawi yadzinja. Choncho kuti timvetse umphawi wa pakhomo tiyenera kuona zomwe zimakankhira banja pansi ndi zomwe zimaligwira mwendo likafuna kudzuka.

Nkhani imayambira kumunda

Anthu oposa 80 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo ambiri nsima yawo imachokera m'munda mwawo. Koma munda womwe agogo ankalima okha adaugawira ana, anawo adagawiranso ana awo, mpaka lero mabanja ambiri akulima malo osakwana hekitala imodzi, ena mizere yowerengeka chabe. Kummwera vutoli lili ndi mbiri yake. Ku Thyolo ndi ku Mulanje nthaka yabwino idapita kwa azungu a maesiteti kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, eni dziko n'kumalipira pokhala pawo ndi thangata. Nthawi ya Kamuzu, m'ma 1970 ndi m'ma 1980, malo ambiri a makolo ku Kasungu, ku Mchinji ndi maboma ena adasanduka maesiteti a fodya, pomwe mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale, mbewu yomwe inali ndi ndalama, mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1990. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, yomwe idayamba mu 2004, idapezera malo mabanja pafupifupi 15,000, ambiri mwa iwo ku Machinga ndi ku Mangochi. Idathandiza omwe idawafikira, koma osowa malo ndi ochuluka kuposa pamenepo kutalitali.

Munda ukachepa sugona. Kale mlimi ankasiya tsala zaka zingapo kuti nthaka ibwerere, koma wa ekala imodzi angagoneke chiyani? Amabzala chimanga chaka chino, chimanga chaka chamawa, mpaka nthaka kuguga, kaufiti n'kudzaza. Kufika apo, wopanda feteleza amangolimira dzina.

Chaka cha banja losauka

Pamene umphawi umaonekera bwino ndi pa kalendala. Tiyeni tiyende nalo banja la anthu asanu lomwe lakolola matumba ochepa m'mwezi wa Epulo kapena Meyi.

Chimanga chisanaume bwino, zofuna ndalama zafika kale pakhomo. Pali ngongole ya m'dzinja, pali yunifomu ndi makope, mchere, sopo, chigayo. Pamsika kapena pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu mavenda apachika kale masikelo awo. Boma limalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, koma pa sikelo ya venda palibe woyang'anira, ndipo ADMARC zaka zambiri imatsegula misika mochedwa kapena imatsegula ilibe ndalama. Aliyense m'mudzimo akugulitsa nthawi imodzi, ndiye mtengo uli pansi penipeni. Mayi amatapa ndowa imodzi, mawa ina, mkuja ina. Akudziwa bwino lomwe kuti chimangachi adzachifuna, koma mwana wabwezedwa kusukulu lero.

Pofika Okutobala kapena Novembala nkhokwe yayera. Banja lomwe linagulitsa motchipa layamba kugula, ndipo likugula chimanga chomwe chija, kwa venda yemwe uja, pa mtengo womwe zaka zina umafika kawiri pofika Januwale ndi Febuluwale. Apa ndiye pamalowa ganyu. M'bandakucha bambo ndi mayi, nthawi zina ndi mwana wamkulu yemwe, atenga makasu kupita kumunda kwa munthu wopezako bwino. Awayezera ndime, apalira kapena kubandira mpaka dzuwa paliwombo, alandira kandalama, mbale ya ufa kapena madeya. Zimenezo ndi za lero basi. Mawa apitanso.

Nanga kumunda kwawo akupalira ndani? Masabata oyambirira chimanga chikamera ndi omwe chimalimbana kwambiri ndi udzu, ndipo ndi masabata omwewo ganyu amapezeka. Akamafika kwawo madzulo ali otheratu, m'mimba muli pululu, amangokanda mizere iwiri itatu. Chimanga chimakula chachikasu, choonda. M'mwezi wa Febuluwale ndi Malichi njala ikafika pachimake amayamba kuthyola chachiwisi, ena kuyanika n'kupera chitibu. Zokolola za chaka chino zimachepa kuposa za chaka chatha, ndipo nkhokwe idzayera msanga kuposa kale.

Pena ganyu sakwanira, ndiye kumatsala katapila. Wobwereketsa amafuna theka pamwamba pakutha pa mwezi, ena kubweza kawiri. Kumudzi ngongole yake imakhalanso ya mbewu: tenga thumba lero, udzabweze awiri pokolola. Motero gawo lina la zokolola limakhala ladyedwa chimanga chisanamasule n'komwe.

Pali anthu, makamaka a m'maofesi, omwe amakonda kunena kuti Amalawi akumudzi ndi aulesi. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Munthu wopalira ndime ya mnzake kuyambira tambala woyamba asanalawe kanthu si waulesi. Mphamvu zake zikupita m'nkhokwe ya wina, chifukwa iye sangathe kudikira miyezi itatu kuti thukuta lake limubwezere. Wopeza bwino amagula feteleza mu Ogasiti asanakwere, amasunga chimanga mpaka Januwale, amalemba aganyu pa nthawi yake. Kusiyana kwa awiriwa kwagona pa kutha kudikira, ndipo kudikira kumafuna ndalama.

Feteleza wotsika mtengo adabwera kuti adule msampha umenewu. Pulogalamu ya makuponi idayamba mu 2005/06 nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo zaka zoyambirira, mvulanso ikugwa bwino, dziko lidakolola chimanga chochuluka. Mu 2020 boma la Lazarus Chakwera lidabweretsa pulogalamu ina ya feteleza wotsika mtengo yotchedwa AIP, thumba pa K4,495, mtengo womwe pambuyo pake udakwera kufika K15,000. Koma taganizirani nthawi yomwe ndalamayi imafunika: Novembala ndi Disembala, pomwe pakhomo palibe ufa. Wosaukitsitsa amalephera kuwombola matumba ake, ndiye amagwirizana ndi venda, kumupatsa mwayiwo n'kulandira kandalama kogulira chakudya cha sabata. Zaka zina fetelezayo amafika chimanga chitafika kale m'chiuno. Ndipo pulogalamuyi imadya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe, moti ulangizi, ulimi wothirira ndi kafukufuku wa mbewu zimatsala ndi zotsalira.

Sukulu, ana ndi ukwati

Kafukufuku aliyense wa m'makomo amaonetsa chinthu chimodzi: mutu wa banja akakhala kuti adapita patali ndi sukulu, umphawi pakhomopo umachepa. Zimenezi sizodabwitsa. Chofunika kufunsa n'chakuti bwanji ana a osauka safika patali pomwe sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994.

Chaka chimenecho ana olembetsa adalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, koma makalasi ndi aphunzitsi sadachuluke mofanana. Mpaka pano si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1, ena pansi pa mtengo. Mwana amabwereza kalasi, amabwerezanso, amafika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga bwino. M'dzinja amajomba chifukwa cha njala kapena ganyu. Kholo likamuyang'ana, wamkulu msinkhu koma osadziwa kulemba kalata, limaona kuti bola akathandize kumunda. Ulere womwewo uli ndi malire ake, poti yunifomu ndi makope zimachoka m'thumba la kholo. Wosankhidwa kupita ku sekondale yoyendera yomwe ili kutali amachita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira, ndipo kwa mtsikana wopanda chakudya chokwanira m'kachipindamo mavuto ake timawadziwa tonse.

Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015/16 adapeza kuti amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo idasintha malamulo aakulu a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo mafumu ena, monga malemu Inkosi Kachindamoto a ku Dedza, adathetsa maukwati ambiri a ana. Komabe lamulo silichotsa chomwe chimakankha kholo, chomwe nthawi zambiri ndi kuchepetsa pakamwa podyetsa. Mtsikana wokwatiwa ali ndi zaka 16 amayamba kubereka msanga, amabereka nthawi yaitali, ndipo banja lake limayamba lopanda munda wokwanira, lopanda luso, lopanda mpamba.

Kubereka kwatsika ndithu, kuchoka pa ana 6.7 pa mayi mmodzi mu 1992 kufika 4.4 mu 2015/16. Koma kwatsika kwambiri m'tauni ndi kwa ophunzira, pomwe m'mabanja osauka akumudzi ana akadali ambiri. Pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, kutanthauza kuti manja ogwira ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi pakamwa. Pa ana osakwana zaka zisanu, 37 mwa 100 alionse adapezeka okwinimbira m'kafukufuku yemwe uja. Mwana wokwinimbira amavutika m'kalasi, ndipo akakula mphamvu ndi mapezedwe ake zimakhala zochepa. Apa umphawi wadutsa kale kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, iye asanayambe n'komwe sukulu.

Tsiku limodzi loipa

Mabanja ambiri omwe ali pamwamba pang'ono pa muyezo uja amagwetsedwa ndi chinthu chimodzi. Chofala kwambiri ndi matenda. Chipatala cha boma n'chaulere, inde, koma kabaza wokafikira kumeneko ngolipira, mankhwala akasowa amakulembera kuti ukagule kufamase, ndipo wodwala akagonekedwa pamafunika womudikirira, yemwenso wasiya khasu. Kumene kuli chipatala cha mishoni chokha, zambiri n'zolipira. Malungo nawo amachuluka m'dzinja, nthawi yopalira yomwe ija. Mbuzi imagulitsidwa mothamanga pa mtengo wongotaya, kenako njinga, kenako wailesi.

Edzi idasiya chilonda chake. M'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000 idatenga anthu a msinkhu wogwira ntchito, kusiyira agogo ana amasiye. Ma ARV aulere adayamba mu 2004 ndipo apulumutsa anthu ochuluka, koma ana omwe adakulira m'makomo amenewo, ambiri osamaliza sukulu, ndiwo makolo a lero.

Maliro amadyanso chuma: bokosi, ufa, ndiwo, mayendedwe a thupi kuchoka kutauni. Pambuyo pake pamabwera nkhani ya katundu. Lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye limaletsa kulanda katundu, koma mayi wamasiye wa kumudzi sadziwa poyambira kukasuma, ndiponso amaopa kudana ndi achibale a mwamuna. Kumene kuli chitengwa kapena malowolo akhoza kutaya munda womwe wakhala akulima zaka zonse. Kwa chikamwini munda umakhala wake, koma banja likatha mwamuna amangonyamula chikwama chake, mayi n'kutsala ndi ana, munda ndi khasu limodzi. Pafupifupi makomo atatu mwa khumi alionse mutu wake ndi mayi, ndipo umphawi m'makomo amenewa ndi wochulukirapo.

Kenako pali nyengo. Kusefukira kwa madzi kwa Januwale 2015 kudatsatidwa ndi chilala cha 2016, chomwe chidasiya anthu oposa 6 miliyoni akufuna thandizo la chakudya. Namondwe Idai adabwera mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023, yemwe adasamutsa anthu oposa theka la miliyoni kummwera. Mu Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Banja la ku Nsanje, Chikwawa kapena Phalombe lomwe limafuna zaka zitatu kapena zinayi kuti libwezeretse mbuzi ndi denga silipatsidwa zaka zimenezo. Ena amathawira kuotcha makala, phiri n'kuyera, madzi a chaka chotsatira n'kutsika ndi ukali woposa.

Za kugwa kwa kwacha sizifuna kufotokoza kwambiri, aliyense adazimva m'thumba. Idatsitsidwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, kenako ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Feteleza, mafuta a galimoto ndi mankhwala timagula kunja, ndiye zonse zidakwera nthawi yomweyo. Mtengo wa ndime ya ganyu sukwera liwiro limenelo.

Kutauni ndi ku Joni

Chiwerengero cha 19.2 chija chisatinamize kuti kutauni kuli bwino. Ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Ndirande kapena ku Mbayani chilichonse n'chogula: lendi, madzi a pakiyosiki, makala, ndiwo, ngakhale ufa. Wosauka sagula thumba, amagula kapepala ka ufa ka tsiku limodzi, mafuta ophikira a m'kachubu, kamulu ka makala, shuga wa pasupuni. Mukaphatikiza pa mwezi mupeza kuti walipira zambiri pa kilogalamu kuposa bwana wogula zambiri nthawi imodzi m'sitolo yaikulu. Ntchito zake ndi zaulonda, zam'nyumba, kabaza, kugulitsa mandasi, zopanda tchuthi cha matenda, zopanda penshoni. Ndipo kumudzi amamuona ngati wolemera, foni siisiya kulira: feteleza, fizi, maliro. Kuthandizana kumeneku n'komwe kwasunga mabanja ambiri amoyo, komanso n'komwe kumalepheretsa woyamba kupeza pang'ono kuti asunge mpamba.

Ulendo wa ku South Africa ndi wakale, kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA. Ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay nyumba zambiri zamalata zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni. Koma pasipoti, basi ndi pofikira zimafuna ndalama, choncho opita si osaukitsitsa. Khomo lomwe lili ndi mwana kunja limakwera, loyandikana nalo limatsala pomwepo, mwina kumagwira ganyu kwa anzawowo.

Thandizo lomwe lilipo ndi omwe limawadumpha

Mtukula Pakhomo adayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 adali m'maboma onse 28. Amapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito: nkhalamba zolera zidzukulu, aulumali, odwala nthawi yaitali, ana olerana okha. Ambiri ankati ndalamazi zithera ku kachasu, koma ofufuza adapeza kuti olandira amadya kangapo patsiku, amagula nkhuku ndi mbuzi, ana awo amakhala pasukulu, ndiponso amachepetsa ganyu n'kumalima kwawo. Mfundo yomalizayi kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse, chifukwa ikuonetsa kuti kandalama kochepa kofika nthawi yake kamabwezera munthu kumunda kwake mu Januwale.

Banki mkhonde imagwira ntchito yofananako. Magulu ambiri amagawana chakumapeto kwa chaka, ndalama n'kupita ku feteleza ndi zofunika kusukulu, ndipo wodwalitsa amakongola kwa anzake m'malo mwa katapila. Ili ndi mbali yake yowawa, poti wolephera kubweza amalandidwa ziwiya ngakhale malata, ndipo wosaukitsitsa yemwe alibe yoponya sabata ndi sabata salowamo n'komwe. Amene ali ndi dimba ndiye ali ndi mwayi weniweni, chifukwa amakolola kachiwiri m'chilimwe n'kugulitsa chimanga chachiwisi, tomato kapena masamba pa nthawi yomwe anzake ayamba kugula ufa. N'chifukwa chake ngalande yaikulu yomwe ikukumbidwa m'chigwa cha Shire kuchokera ku Kapichira anthu akuiyang'ana ndi chidwi, ngakhale phindu lake kwa wosauka lidzadalira kuti malo othiriridwawo akhala m'manja mwa yani.

Vuto la Mtukula Pakhomo ndi kukula kwake. Adakonzedwa kuti azifikira pafupifupi mabanja 10 mwa 100 alionse, pomwe osaukitsitsa okha ndi anthu oposa 20 mwa 100. Pamsonkhano wosankha mayina kwa amfumu, mnyamata wa zaka 28 ndi mkazi wake, ana atatu, theka la ekala ndi makasu awiri, amauzidwa kuti inu muli ndi mphamvu, pitani mukalime. Ntchito zachitukuko zolipidwa, zija anthu adazizolowera kuyambira nthawi ya MASAF, zimabwera masiku owerengeka ndipo malipiro ake kawirikawiri amachedwa. Pa mndandanda wa feteleza dzina lake lilipo chaka chino, chaka chamawa palibe. Mabanja ngati limeneli ndiwo ochuluka pakati pa osauka a m'Malawi, ndipo pulogalamu yokonzedwera iwo mwachindunji, yowafikira ndi ndalama kapena chakudya m'miyezi itatu yopalira chaka chilichonse mosadumphitsa, palibe.